Ndinagwira Akamwini Pamkono Chifukwa cha Chakudya cha Pepala

Masiku ano ndikamapita ku Mayani kukagula mchere ndimadzera kudambo, ngakhale njirayo ndi yozungulira ndiponso mawondo anga sagwirizana ndi matope. Njira yachidule imadutsa pakhomo pa a Nangozo, ndipo a Nangozo akandiona sanena kanthu. Amangosiya kusesa, n'kuweramuka tsache lili m'manja, n'kumandiyang'ana ngati munthu wokhuta amene akuonerera mnzake akutsuka mbale. Bola akanandinyoza.

Nkhani yake ndikuuzani yonse, poti mudzi wonse waimva kale ndipo ena aikometsera mpaka akuti ndinaluma munthu. Sindinalume munthu ayi. Ine sukulu sindinapiteko, choncho akundilembera ndi mdzukulu wanga Tadala, yemwenso ndi amene anabweretsa mavuto onsewa m'chikwama chake. (Ulembe momwe ndikuneneramu, usakonze kuti iweyo uoneke bwino.)

Muyambe mwadziwa kuti ine ndinali munthu wa mwambo. Kuno kwathu mayi ndi mwamuna wa mwana wake wamkazi amaopana. Sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, satchulana mayina, ndipo zogwirana dzanja musanene n'komwe. Achinyamata amati zimenezi zinatha kalekale, koma kwa ine zinali zisanathe. Chikwatiwireni mwana wanga Maligerita, akamwini anga, bambo a Tadala, amene amaphunzitsa sukulu ku boma, ndinali ndisanawaonetsetsepo nkhope. Ndinkawadziwira nsapato. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'chimanga, iwo n'kupatukira mbali inayo, n'kumapatsana moni aliyense akuyang'ana mtengo wake. Akabwera kudzacheza ndinkawalonjera ndili kuseri kwa chitseko.

Ndipotu ndinkanyada nazo. Chaka chatha a Nangozo atakwera njinga yamoto ya akamwini awo popita kuchipatala, ndine ndinaimirira pamsonkhano wa amayi a kumphakati n'kunena kuti ulemu watha m'dziko, apongozi ayamba kukumbatira akamwini m'chiuno pamsewu. Dzina sindinatchule. Koma njinga yamoto m'mudzi muno ndi imodzi.

Tsono sukulu zitatsekera nthawi yozizira ija, Maligerita anabwera ndi amuna ake ndi mwana kudzandithandiza kukumba kachewere. Tsiku loyamba tinakumba. Tsiku lachiwiri kunacha ndi nkhungu yoti phiri silinkaoneka, mawawa akungowaza osaleka, kuzizira kolowa mpaka m'mano. Kudimba kunalibe wopita. Ine ndinalowa kuchipinda ndi lichero la nyemba kuti ndizisankha, n'kutsitsa nsalu ya pakhomo kuti akamwini akhale momasuka pabalaza.

Ndipamene Tadala anatulutsa bokosi la masewera m'chikwama chake chija. Akuti anamupatsa ndi azakhali ake a ku Lilongwe. Anabwera nalo kuchipinda kudzandionetsa kaye, ndipo pamwamba pake panali chithunzi cha bambo wina wandevu, diso limodzi ataliphimba ndi kansalu kakuda, mwendo umodzi wamtengo, mbalame itakhala paphewa, iye akuseka mano onse pamtunda.

"Ameneyu wachita ngozi yanji?" ndinafunsa.

"Si ngozi agogo, ndi wachifwamba wa panyanja. M'masewerawa aliyense amakhala wachifwamba, ali ndi sitima yake."

"Munthu wotere n'ngofunika kugonekedwa kuchipatala. Ndiye mukuti azakhali ako anaona kuti mphatso yabwino kwa mwana wobatizidwa ndi kumuphunzitsa umbava?"

"Ndi masewera chabe, agogo."

Mawu amenewo muwasunge, poti ndinawamva kambiri tsiku limenelo.

Tadala anayala chipepala cholimba pamphasa pabalaza. Ndinasuzumira pang'ono m'mbali mwa nsalu (maso anga pansi, kupewa nsapato zija). Pakati panali chilumba chojambula, mozungulira madzi obiriwira, ndi njira yogawidwa timabwalo. Tisitima take tinali ngati nyemba zazikulu, toti mwana wokwawa akhoza kumeza masewera onse asanayambe. Tadala anayamba kufotokoza malamulo, ndipo ndikuuzeni, ulaliki wa pa Lachisanu Loyera ndi waufupi. Mumaponya madayisi, timiyala tija ta madontho. Mumasankha khadi. Khadi lina limati pita kutsogolo, lina bwerera m'mbuyo, lina longeza chakudya, lina golide, lina onga wa mfuti. Aliyense ali ndi kapepala kake kojambulidwa tizipinda tochepa ta m'sitima, tosungiramo katunduyo. Mpikisano wake ndi wozungulira chilumba. Ndipo sitima ziwiri zikakumana pabwalo limodzi, zimamenyana, wopambana n'kulanda katundu wa mnzake.

"Zikakumana sizingangopatsana moni n'kudutsana?" ndinafunsa ndili kuseri.

"Ayi agogo, lamulo likuti zimenyane."

Mwaona? Anthu akumana pakati pa madzi, kutali ndi kwawo, m'malo mofunsana za kumudzi, akuyamba kuwomberana. Palibenso wamkulu woweruza, mlandu wonse akuweruza ndi kamwala ka madontho. Bawo ndi bwino, poti mnzako akakudyera umadziwa kuti wakuposa nzeru. Izi ungakhale ndi nzeru zodzaza nkhokwe, kamwala kakakana kakana.

Anayamba atatu, ine ndikusankha nyemba zanga. Koma makutu alibe chitseko. Ndinamva Tadala akuuza mayi ake kuti, "Tizipinda tanu tadzaza, amayi. Kuti mulongeze golideyu mutaye kaye chakudyacho m'madzi."

Lichero linatsala pang'ono kugwa.

"Ataye chiyani?"

"Chakudya, agogo."

"Maligerita, iwe ndinakubereka m'chaka cha njala, ndikudya gaga. Lero ukutaya chakudya m'madzi chifukwa cha timapepala tachikasu?"

"Amayi, ndi masewera chabe."

Amene anapanga masewera amenewa sanagonepo ndi njala, zimenezo ndikulumbira. Kuyambira pamenepo ndinayamba kulangiza mwana wanga ndili kuseri kwa nsalu, iye osamvera, mpaka Tadala anati, "Agogo, m'malo movutitsa amayi, tengani sitima yanu. Makadi ake ndi a zithunzi, safuna kuwerenga. Mukhale komweko, ine ndizikusunthirani."

Apa ndiyenera kuyamikira pang'ono, poti chilungamo n'chofunika. Makadiwo analidi omveka ngakhale kwa ine. Chakudya anajambula ngati mtanda wa buledi ndi nthochi, onga ngati kambiya kakuda. Sindinafunse munthu. Ndipo ndinalingalira kuti palibe cholakwa: nsalu ili pakati, akamwini ali uko, ine ndili kuno, wotumikira alipo. Ndinasankha kasitima kofiira.

Tinkasewera mwaulemu kwambiri poyamba. Tadala ankandibweretsera makadi, ine n'kuloza, iye n'kukasuntha. Ndikafuna kunena kanthu kwa akamwini ndinkadzera mwa mwana, monga mwa nthawi zonse, ngakhale tinali motalikirana ngati poyala mphasa imodzi.

"Tadala, uwauze bambo ako kuti ndi nthawi yawo."

"Tadala, uwathokoze agogo."

Ine nzeru yanga inali imodzi: chakudya. Khadi la chakudya likabwera, ndinkalongeza. Golide ndinkamusiya, onga ndinkausiya. Posakhalitsa tizipinda tanga tonse tinadzaza mpaka timapepala tinkagwera pambali, ndipo mtima wanga unakhala pansi ngati mwezi wa Meyi. Tadala anandichenjeza kuti, "Agogo, sungani onga pang'ono, mudzamenya nkhondo ndi chiyani?" Ndinamuyankha kuti ine sindinayambane ndi munthu.

Kenaka kasitima kanga kanagwera pabwalo limene panali Maligerita.

Ndinati tingodutsana, Tadala anakana. Anandibweretsera dayisi kuchipinda. Ndinaponyera m'lichero, pakati pa nyemba, ndipo panatuluka madontho ambiri. Maligerita anaponya, panatuluka kadontho kamodzi ngati diso la nkhuku. Tadala anati ndapambana, ndisankhe cholanda.

Abale anga, apa ndi pamene Satana analowera. Ndinayenera kukana. Ndinayenera kunena kuti sindingalande za mwana wanga. Koma m'chifuwa munatentha kanthu kena kokoma kamene ndinakamva komaliza ndili mtsikana, tikupikisana kusinja. Ndinati, "Tenga nthochi zakezo, poti iye amataya." Ndinasowa poziika, ndinaziunjika pamwamba pa zinzake, Tadala akudandaula kuti lamulo silitero. Ndipo ndinamva pakamwa panga pakutuluka kanthungululu kakang'ono.

Kuchokera pamenepo nsalu ija inayamba kundisowetsa mtendere. Tadala ankachedwa, komanso ndinkamukayikira kuti akuwerenga mabwalo mokomera bambo ake. Ndinakankhira nsalu pambali pang'ono kuti ndizionako. Kenaka ndinasendera pakhomo penipeni, nditatembenukira kukhoma, ndikuyang'ana cham'mbali ngati nkhuku yoona kabawi. Kenaka ndinati mwana asavutike kuyendayenda, ndinakoka kapepala kanga ka katundu n'kukaika pafupi ndi bondo langa, pamphasa pomwe panali anthu. Duku ndinalikokera kumaso kuti likhale ngati chotchinga. Mumtima ndinkati mwambo udakalipo.

Akamwini anga, kunena zoona, anayesetsa. Ndinazindikira kuti sitima yawo ikayandikira yanga, ankasankha khadi lobwerera m'mbuyo. Anabwerera, anabwereranso, mpaka Maligerita anati, "Kodi inu mukupita kuti? Anzanu akuzungulira chilumba, inu mukubwerera kwanu ku Bembeke?"

"Ndikupereka ulemu panjira," anatero iwo chapansipansi.

Munthu wabwino. Ine m'malo mothokoza ndinkangoona kuti ndikuwatsogolera, ndipo ndinayamba kutumiza mawu onyada.

"Tadala, uwafunse bambo ako ngati sitima yawo yaphwa tayala."

"Tadala, uwauze agogo kuti tikubwera pang'onopang'ono."

Apa ndinenepo cholakwika china cha masewerawa. Makadi amene uli nawo m'manja ndi ochepa, ndipo nthawi zina onse amakutuma kumene sukufuna. Munthu sungathe kungokhala, kapena kunena kuti lero sindiyenda, mutu ukuwawa. Ndi mmene zinawachitikira akamwini. Anayang'ana makadi awo nthawi yaitali, anakanda kumutu, kenaka anati, "Tadala, kodi munthu sangadumphe nthawi yake?"

"Ayi adadi."

"Ngakhale pa chifukwa cha mwambo?"

"M'malamulomu mulibe mwambo."

Kasitima kawo kobiriwira kanabwera n'kuima pambali pa kanga.

"Tadala," ndinatero, "uwauze bambo ako kuti pamalo pano pali anthu."

"Tadala, uwapepese agogo, si ine, ndi madayisi."

Iwo anali ndi onga wambiri, poti pobwerera m'mbuyo monse muja ankangolongeza. Ine ndinalibe ngakhale kambiya kamodzi. Ndinapemerera dayisi, ndinatchula woyera amene ndinabatizidwa dzina lake (andikhululukire, sanayenere kulowetsedwa m'zauchifwamba), n'kuponya. Madontho awiri. Akamwini anaponya mofooka ngati munthu wosafuna, koma kamwala kalibe manyazi. Anapambana kutalitali.

"Tadala, uwauze agogo kuti ndingotengako kanthochi kamodzi."

"Ayi adadi, lamulo likuti mutenge chipinda chonse. Tengani chodzaza kwambiricho."

Tsono mumvetse. Kuno kwathu mkamwini sayandikira nkhokwe ya apongozi ake. Angafe ndi njala, sapisamo dzanja. Ndipo ine ndinali nditaiwala kalekale kuti timapepalato si chimanga. Ndinangoona dzanja la mwamuna, la wotchi, likubwera pang'onopang'ono kudzakokolola zimene ndinasonkhanitsa tsiku lonse osataya ngakhale kamodzi.

Sindikudziwa kuti ndinadzuka bwanji. Mawondo omwewa amene amandivuta pogwada m'tchalitchi anandinyamula ngati mtsikana. Ndinapezeka ndagwada pakati pa mphasa, bondo limodzi lili pachilumba, tisitima titamwazika, duku litagwa, dzanja langa litagwira mkono wa akamwini zolimba ngati ndagwira mbuzi yolowa m'dimba.

"Iwe Filipo, siya. Unalima ndiwe?"

Dzina. Ndinatchula dzina, ndi iwe pamwamba. Ine mwini sindinkadziwa kuti ndimalikumbukira.

 Ndipo poti ndinali nditayamba kale kulakwa, maso anga anakwera n'kuwayang'ana kumaso. Chimene chinabwera m'mutu mwanga si pemphero ayi. Ndinangoti, kodi munthuyu ali ndi imvi? Ndinamulandira ali mnyamata, wakalambira pakhomo panga ine ndikuyang'ana nsapato.

"Odi kuno. Kapena tibwere nthawi ina?"

Anali a Nangozo, ataima pakhomo, thumba la feteleza lili kumutu poopa mawawa. Akuti anabwera kudzabwereka sefa, anaodira mpaka kutopa, ndiye atamva phokoso anaganiza kuti mwina m'nyumba mwalowa njoka. Anayang'ana ine, anayang'ana akamwini, anayang'ana mutu wanga wopanda duku, kenaka maso awo anakhazikika pa dzanja langa. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti sindinasiyebe mkono uja.

"Pitirizani, a Naphiri, musaone ine," anatero mofatsa. "Ine paja ndinangogwira jekete, poopa kugwa."

Ndinabwerera kuchipinda chokwawa, n'kutsitsa nsalu. Koma a Nangozo sanachoke. Anakhala pampando, anapempha madzi akumwa, n'kuyamba kulankhula ndi nsaluyo.

"Kubisalako sikuthandiza, anzanga. Chasweka chasweka, ndipo mboni ndilipo. Inu ndi amene mumatiphunzitsa mwambo. Apongozi ndi akamwini akafika pogwirana, kuopana kwatha, ndipo kumathetsedwa poyera. Wolakwa apereke nkhuku, mudyere mbale imodzi."

Akamwini anayesa kundipulumutsa. Anati, "Amayi, anali masewera chabe, tingoiwala."

"Masewera? Taonetsani mkonowo."

Akuti zala zanga zinkaoneka zonse.

Lamulo limenelo ndinaliphunzitsapo ena ndi pakamwa panga pomwe. M'mawa mwake ndinagwira thadzi langa lamawangamawanga, limene linali litangoyamba kuikira. Tikulisosola kuseri kwa nyumba ndinafunsa Tadala monong'ona kuti, "Kodi tikanamaliza, si ine ndikanapambana? Katundu wambiri anali wanga."

"Ayi agogo. Pomaliza amawerenga golide ndi pamene sitima yafika. Chakudya sichiwerengedwa."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Ndiye kuti ulemu umene ndinausunga chikwatiwireni mwana wanga ndinautaya polimbirana chinthu chimene ngakhale eni masewerawo sachiwerengera. Anthu amene angakupatseni masewera a pabanja, ine ndikuti muyambe mwafunsa ngati amene anawapangawo ali ndi apongozi.

Masana tinayala mphasa pakhonde, poyera, a Nangozo atakhala pambali ngati woyang'anira mayeso, ndi amayi ena amene anangopezeka kuti onse akufuna sefa tsiku lomwelo. Ine uku, akamwini uko, mbale pakati. Msuzi unandidonthera pachitenje. Sindinkadziwa koyang'ana. Nsapato akamwini anali atavula.

Tinayamba kudya. Kenaka akamwini anakankhira chiwindi mbali yanga, n'kulankhula nane mwachindunji koyamba, opanda mwana pakati.

"Amayi, ndinene zoona. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti mwina simundifuna pakhomo pano. Kwathu anasiya kale zothawana, ndiye ndikaona mukulowa m'chimanga, mtima unkandiwawa."

Manyazi amene ndinamva apa anaposa a dzulo lake. Munthu wakhala akundikonzera denga, kundigulira mankhwala a mawondo, akuganiza kuti ndimamuda, ine ndili kuseri kwa chitseko kunyadira ulemu wanga.

"Ayi bambo," ndinatero. "Kunali kukulemekezani. Sindinakudenipo."

Anagwedeza mutu, anatafuna pang'ono, kenaka anafunsa maso ali m'mbale.

"Nanga dzulo lija?"

Ndinaganiza zonama, koma ndinali nditalakwa zokwanira sabata imeneyo.

"Dzulo lokhalo ndinakudani."